Tsiku limene thambo linatigwera ku Tsangano

Pa tenti yanga ya nyenyezi pali chigamba cha chubu cha njinga. Ana asukulu akandifunsa ndimawauza kuti anaboola ndi makoswe. Si makoswe ayi. Anaboola ndi bambo anga ondibala, masanasana, pamaso pa abwana anga ndi theka la mpingo wathu. Ndipo wolakwa ndinali ine.

Ndiyambe ndi ntchito yanga, poti nkhani inayambira pamenepo. Ndimagwira ntchito ndi asayansi ofufuza zakuthambo. Ineyo si wasayansi (masamu ndi ine tinasiyana mwamtendere ku Fomu 4). Iwowo amadziwa kutalika kwa nyenyezi, kuzizira kwa kumwezi, ndi zina zoti ukamva mutu umazungulira, koma ukawauza kuti afotokozere munthu wamba amatulutsa manambala mpaka munthuyo kuyamba kuodzera. Ndiye amaitana ine. Ndimatenga zimene akudziwazo n'kukonza malo oti munthu alowemo, aone, amve m'makutu ndi m'thupi, potuluka azikhala ngati wapitako. Ndimasankha kuwala, phokoso, pogona, ngakhale nthawi imene munthu akhale mumdima asanaone kanthu. Lamulo loyamba la ntchito imeneyi ndi lakuti usanakonze chilichonse, ukacheze kaye ndi anthu amene adzalowemo. Lamuloli ndimaphunzitsanso ena, mokweza mawu. Mulisunge, tilipeza kutsogoloku.

Bambo anga ndi mlimi wa kachewere ku Tsangano komanso mkulu wa mpingo, ndipo paunyamata wawo anagwira ntchito kumigodi ya ku Joni. Mlendo akawafunsa za ana, amayankha monyadira kuti woyamba ndi namwino, wachiwiri ndi mphunzitsi. Akafika pa ine, wachitatu, ankangoti, "Ameneyo ali ku tauni," n'kutembenukira ku nkhani ya feteleza. Ndinkaseka nawo, koma zinkandipweteka kwambiri.

Ndinayesapo kuwafotokozera.

"Ndiye iweyo umapita kumwambako?" anandifunsa.

"Ayi, ababa."

"Umapanga ndege zake?"

"Ayi."

"Umaphunzitsa?"

"Osati kwenikweni."

"Koma amakulipira?"

"Inde."

"Chabwino. Bola usadzamangidwe."

Choncho titamaliza kukonza tenti ija, ndinapempha kuti tikayambire kuionetsa kwathu. Ndi tenti yakuda, yozungulira ngati nkhali yovundikira, yopanda mzati ndi umodzi womwe. Imaima ndi mphepo ya fani wamkulu amene amaipemerera osaleka. Polowa umakwawa m'kanjira kopapatiza, ndipo m'katimo umagona chagada pa mphasa, pulojekita n'kukuwalitsira thambo padenga. Ulendo wake ndinaukonza miyezi yambiri: poyamba mdima wandiweyani, kenako mawu owerenga chobwerera m'mbuyo, kenako masipika obisika pansi pa mphasa amanjenjemeretsa nsana ngati chombo chopita kumwezi chikunyamuka, zitsulo n'kumalira, kenako zii. Chete wautali. Pambuyo pake m'pamene nyenyezi zimabuka zonse pakamodzi. Chete ameneyo ndiye ndinkamunyadira kuposa china chilichonse.

Tinanyamuka Loweruka m'mawa ndi abwana anga, a Dokotala Mbewe, mayi wofatsa amene nyenyezi amazidziwa mayina ngati ana ake. Pokwera mapiri nkhungu inali itaphimba minda, ndipo ine ndinali nditayamba kale kulota maso ali gwa. Ndinkaona bambo atagona pa mphasa, chipewa pachifuwa, kuwala kwa nyenyezi kukuyenda pankhope pawo. Ndinkawaona akutuluka, akupukuta maso, akuitana anzawo kuti amve zimene mwana wawo amachita. Mawu oti adzanene ndinali nditawalembera kale m'mutu mwanga, okoma bwino, okhala ndi vesi kumapeto. (Munthu ukazolowera kukonza zimene anthu amve, umayamba kukonzanso zimene anene.)

Tinaimika tenti m'holo ya tchalitchi, jenereta panja. Amayi anga anakonza zoti azibambo agone mbali ina, azimayi mbali ina, nkhani imene ine sindinaiganizire n'komwe. Anthu anayamba kukwawa mmodzimmodzi, akuseka. Bambo anafika ndi mnzawo wakalekale, a Soko, amene anali nawo limodzi ku Joni. Atafika pakanjira kaja anaima.

"Polowera ndi pomwepa?" anafunsa bambo.

"Inde, ababa. Mungokwawa pang'ono."

"Nanga potulukira?"

"Pomwepanso."

Anayang'anana ndi mnzawo uja.

"Khomo limodzi," anatero a Soko, motsitsa mawu.

Ine ndinaganiza kuti akuyamikira luso. Ndinapempha bambo kuti asiye ndodo yawo panja, ndodo imene ili ndi msomali kunsonga kuti isamaterereke m'matope.

"Mumdima sindilowa chimanjamanja," anatero, n'kulowa nayo.

Onse atagona ndinazimitsa nyali. Mawu anga amene ndinajambula kale anayamba kuwerenga, teni, naini, eyiti, mpaka ziro. Mphasa zinayamba kunjenjemera. Azimayi anakuwa pang'ono n'kuseka. Zitsulo zinalira bwino lomwe, monga ndinafunira. Kenako kunagwa chete wanga uja, ndipo ine ndinamwetulira ndekha mumdima.

M'chetemo munamveka mawu a bambo, koma osati mawu amene ndinakula nawo. Anali afupi, ouma.

"Soko."

"Ndamva."

"Denga likulankhula. Zimitsa makina."

"Ababa," ndinanong'oneza, "ndi sipika chabe."

"Khala chete iwe, ndikumvetsera." Kenako anauza onse: "Aliyense agone pomwe ali. Wina asadzuke. Amayi, phimbani mitu."

Mkulu wa mpingo akalamula, anthu a kwathu safunsa. Ndinamva zitenje zikukokedwa. Pambuyo pake ndinadzamva kuti ngakhale a Dokotala anaphimba mutu ndi juzi.

Zimene sindinkadziwa n'zakuti ku mgodi ntchito ya bambo inali yoyesa denga. Ankalowa patsogolo ndi chitsulo chachitali n'kumagogoda mwala wapamwamba. Ukalira ngati belu, ndiye kuti ndi wolimba. Ukalira ngati ng'oma, ndiye kuti wasweka m'kati ndipo utha kugwa nthawi ina iliyonse. Kuti amve bwino, makina onse ankayenera kuzima. Choncho a Soko, munthu wodandaula mawondo chaka chonse, anakwawa mumdima mwaliwiro, dzanja likutsata chingwe cha magetsi, mpaka anapeza pamene chalumikizidwa n'kuzula. Chinali chingwe cha fani.

Bambo anaimirira. Ndinamva ndodo ikugunda nsalu. Phu. Anasuntha pang'ono. Phu.

"Lafooka lonse," anatero.

(Sanalakwitse. Tenti yopopedwa imalira ngati ng'oma paliponse.)

Kachitatu msomali unalowa pamsoko, ndipo pokoka ndodo nsalu inang'ambika ndi kulira kwakutali kumene ndimakumvabe m'mano mwanga.

Nthawi yomweyo chete wanga anatha. Pulojekita ili ndi batire lakelake, ndipo sinadziwe kuti kwachitika ngozi. Inayatsa nyenyezi.

Ndakhala ndikuona thambo limenelo kambirimbiri, koma sindinalionepo chonchija. Mphepo inali ikutuluka, ndiye denga linayamba kutsika pang'onopang'ono, mwaulemu, ndi nyenyezi zake zonse. Mlalang'amba unapindika n'kumabwera cha kumaso kwathu. Nyenyezi zinkakula, zinkagwedera, zina zinkatsetserekera m'makwinya a nsalu. Anthu amene anaphimba mitu anayamba kusuzumira. Panalibe anathawa. Mayi wina anayamba kuimba chapansipansi, ena n'kumulandira. Kuwala kunatera pa zitenje, pa majekete, pa dazi la a Soko. Gogo wina amene amagulitsa kabichi pamsika anatukula dzanja mwakachetechete n'kukhudza nsalu.

"Ndaigwira," anatero. "Si yotentha ayi."

Cha kumanzere kwanga ndinamva a Dokotala akuseka motsitsa, ngati munthu woti akulira. Ine ndinangoti kakasi, chingwe cha sipika m'manja, ndikuganiza za basi yoyamba yopita kutali.

Bambo okha ndiwo anali pantchito. Anaimika ndodo ngati mzati, nsonga ya msomali pansi, n'kuchirikiza nsalu ndi nsana wawo.

"Soko, gwira khomo. Azimayi ayambe. Mmodzimmodzi, osakankhana."

Anatuluka motero, mwadongosolo loposa limene analowera, bambo akutchula aliyense dzina lake podutsa. Kwa a Dokotala, poti dzina lawo anali ataliiwala, bambo anangoti, "Mlendo, pitani." Pamapeto tinatsala awiri, pansi pa kadenga kotsala pamwamba pa ndodo, nyenyezi zitatipanikiza mbali zonse.

"Watuluka aliyense?" anafunsa.

"Inde."

Anakhala pansi. Manyazi anga anasanduka mkwiyo, poti kukwiya n'kosavuta.

"Ababa, ndi tenti iyi. Nsalu. Mwandichititsa manyazi pamaso pa abwana anga."

"Ndikudziwa kuti ndi tenti," anatero. "Mutu umadziwa. Koma miyendo sinamve."

Kenako anapitiriza motsitsa mawu.

"Tsiku limene mng'ono wanga anatsala pansi paja, zinayamba chonchi. Kunjenjemera, zitsulo kulira, kenako zii. Ndendende. Unazitenga kuti zimenezi?"

"Ndinangoganiza kuti zikoma," ndinayankha.

Chithunzi cha bambo aang'ono amenewo chili pakhoma pabalaza pathu kuyambira ndisanabadwe. Ndinkadziwa kuti anamwalira ku Joni, basi. Pokonza tenti ija ndinacheza ndi ana asukulu, aphunzitsi, azimayi a pamsika, mpaka woyendetsa kabaza amene ananditengera kuntchito. Onsewo ndinawafunsa kuti mdima umawakumbutsa chiyani. Munthu amene anakhala zaka zake zaunyamata mumdima weniweni, amenenso ndinamukonzera zonsezi, sindinamufunse kanthu. Ndinkafuna kuti iwo adziwe ntchito yanga, pamene ine yawo sindinkaidziwa. Ndinalira, ndipo sikunali kulira kwa manyazi a abwana.

"Ukanandifunsa," anatero bambo, osakalipa. Kenako anayang'ana m'mwamba, ngakhale kuti m'mwambamo munali pafupi ndi chipewa chawo. Nyenyezi ina yaikulu inali itatera paphewa pawo. Anaiyang'ana nthawi yaitali.

"Kumusi kuja, mumgodi, tikazimitsa nyali kunalibe izi," anatero. "Izizi ukanayamba nazo. Ngakhale imodzi. Munthu akamalowa mumdima azidziwa kuti kumwamba kukadalipo." Anatsokomola. "Ndipo chete uja ndi wautali kwambiri. Munthu amayamba kukumbuka zinthu."

Titatuluka tinapeza anthu ali pamzere. Ankafuna kulowanso, ndipo gogo wa kabichi ankafunsa ngati nyenyezi zitsikenso kapena zimatsika kamodzi patsiku. A Dokotala anali atakhala pabenchi ndi a Soko, akuwafunsa za kulira kwa miyala n'kumalemba m'kabuku. Atandiona anangoti, "Lamulo loyamba lija ndi liti?" Ndinayang'ana pansi.

Masana omwewo bambo ndi a Soko anatenga singano yosokera matumba, chubu chakale ndi guluu, n'kumata bala lija. Anandiuzanso pamene ndiyenera kuboola khomo lachiwiri. Ndinaboola. Chete uja ndinamufupikitsa (mtima ukuwawa), ndipo masiku ano munthu akamakwawa kulowa, amapeza nthanda imodzi ikuwala kale padenga. Pamene pali chigamba nyenyezi sizioneka bwino. Kuntchito anandiuza kangapo kuti asinthe nsalu yonse ya mbali imeneyo, ine n'kumazengereza.

Mawa lake, titatuluka m'tchalitchi, panali mlendo wochokera ku Bwanje amene anabwera kudzagula mbewu ya kachewere. Anapatsana moni ndi bambo, nkhani n'kufika pa ana. Ine ndinali chapafupi, ndikunamizira kumanga chingwe cha nsapato.

"Woyamba ndi namwino," anatero bambo. "Wachiwiri ndi mphunzitsi."

"Nanga awa?"

Bambo anandiyang'ana, kenako anatsamira ndodo yawo.

"Uyu amakumba migodi yopita kumwamba. Ntchito sanaidziwitsitse, denga lake ndi lofooka. Koma tikumuthandiza."

Mawu amene ndinawalembera m'galimoto muja anali okoma kuposa amenewa, ndipo anali ndi vesi. Sindinawakonze. Mlendo uja anafunsa mafunso ena, bambo n'kumayankha ndi manja omwe, akuonetsa mmene thambo linatsikira. Ndinadikira kuti atembenukire ku nkhani ya feteleza, koma mpaka tinafika kunyumba asanaitchule.