Mwana Abadwe Chinkhoswe Chisanafike

Lolemba
Sabata yachiwiri kuchidikiro kuno kuchipatala. Tsiku lomwe anandilembera pakhadi ndi lero! Pulani yanga: ndichira Lachitatu, anditulutsa Lachinayi, Loweruka ndili ku Manjawira pa chinkhoswe cha mng'ono wanga Esinati. Diresi ndinasoketsa kale, ya chiuno cha munthu wochira.
Anamwino andiyeza. "Khomo la chiberekero likadali lolimba, mayi. Lotseka ndithu." Palibe kanthu, masiku alipo.

Lachiwiri
Kwabwera a kafukufuku. Atenga magazi ndi timadzi ta kunjira ya mwana. Akuti nthawi ikayandikira thupi limatulutsa lokha timankhwala tofewetsa khomolo, ndiye akufuna aone ngati timeneti tingamalosere tsiku. Ndasangalala! Ndati ndiuzenitu langa. "Ayi mayi, tikungophunzira kumene." Nanga magazi anga mwatengeranji?
Bambo a kunyumba analonjeza nkhuni lero. Zii.

Lachitatu
Tsiku lochira. Zomwe ndachita:
kuzungulira mpanda wa chipatala kasanu ndi kawiri
kusesa bwalo lonse, ndi la eni ake lomwe
kumuyankhula mwanayu mwaulemu, kenako mokalipa
Iye wangondimenya chidendene m'nthiti. Mapeyala kwathu timafundika m'gaga, masiku atatu afewa. Ine andifundike pati?

Lachinayi
Bambo afika ndi nkhuni za Lachiwiri zija, akumwetulira ngati abwera msanga. Apongozi nawo atulutsa kabotolo ka mankhwala achikuda a mwanamphepo. "Mwa, mawa ukhala utanyamula." Anamwino akaona, alanda pompo: "Awa amang'amba chiberekero. Mukufuna chinkhoswe kapena maliro?" Kunena zoona ndachita mantha. Sindimwa.

Lachisanu
Mariamu, wa golosale ya kumudzi kwathu, wafika dzulodzuloli. M'mawa uno wachira, mwana wamkazi! Ndamuyamikira ndi pakamwa, mumtima nsanje yokhayokha.
Masana m'mimba mwapota. Ndathamanga ndi beseni, zitenje, zonse! Anamwino ayeza, aseka. "Mwadya chiyani?" Nyemba.

Loweruka
Esinati waimba foni. Nthungululu, zoimbira, mayi akufuula dzina langa chapatali. "Achemwali, musadandaule, diresi yanu yamukwana bwino Fatsani." Fatsani msuweni wathu, amene savina n'komwe! Ndalira pang'ono kuseri kwa khitchini. Kenako ndavina ndekha, foni ili kukhutu, azimayi anzanga akuwomba m'manja.

Lamulungu
Sindizunguliranso mpanda. Ndachapa, ndayanika, ndakhala pansi kudya nkhuku yotsala pa chinkhoswe yomwe Esinati watumiza.
Anamwino andiyezanso. "Eya, tsopano layamba kufewa. Mawa kapena mkuja."
Tsopano! Anthu atamwazikana, mipando atabweza kutchalitchi!
Basi, abwere tsiku lomwe afune, bola abwere wamoyo. Koma za kafukufuku zija asavutike nazo, ine ndadziwa kale. Mwanayu watengera bambo ake.