Kamera Yanga Inaona Pansi pa Dengu

Mukadzadutsa pa shedi yathu ya tiyi kufupi ndi Masambanjati, musadzafunse za kamera. Adzakusekani, ndipo ine ndidzadziwa kuti mwamva.

Ndine mkulu wopuma ntchito, ndinali kapitawo ku esiteti ya tiyi. Sukulu ndinalekeza Sitandade 5 (aphunzitsi ndi ine tinagwirizana kuti tatopetsana). Koma kujambula ndinayamba kalekale, nthawi ya filimu, pamene munthu unkadikira masabata awiri kuti udziwe kuti mkwati wamudula mutu. Chaka chatha ndinagulitsa mbuzi zanga ndi kukagula ku Limbe kamera yogwiritsidwapo kale ntchito, ija amati fulufuremu. Wogulitsa anandifotokozera kuti kagalasi kake ka mkati kolandira kuwala ndi kakakulu ngati chidutswa cha filimu yakale ija, osati kakang'ono ngati ka m'foni. Ndiye imaona ngakhale pamdima, imatola kanthu kalikonse, ndipo munthu amaoneka bwino pamene zakumbuyo kwake zasungunuka ngati nkhungu. Kale zoterezi zinali za azungu a ku esiteti okha. Lero mbuzi zochepa zikukwanira. Zonsezi ndi zoona, ndiye vuto lake.

Akazi anga, mayi a Esinati, ali ndi kamunda ka tiyi. Lamulo la kutchola mukulidziwa: masamba awiri ndi kansonga, basi. Pa sikelo mlangizi amapisa dzanja m'dengu la aliyense kufuna masamba okhwima ndi timitengo, ndipo akazipeza amakubweza. Dengu la mayi a Esinati lokha sankalipisa. Zaka makumi awiri masamba awo sanabwezedwepo, ndipo ankayenda ndi mbiri imeneyi ngati duku latsopano.

Tsiku limenelo kunali chiperoni, mvula yowaza ija ya nkhungu yomwe imalowa mpaka m'mafupa. Mayi a Esinati dzanja linkawapweteka, lole yodzatenga tiyi inali pafupi kufika, ndiye anati, "Bambo a Esinati, tatcholani mizere iwiri yakumunsiyo. Paja munali kapitawo."

Kapitawo amaloza ndi ndodo, satchola (izi sindinanene). Mzere woyamba ndinatchola bwino. Wachiwiri zala zinauma ndi kuzizira, ndinangoyamba kupulula ndi manja onse, okhwima, timitengo, zonse. Ndinazikhuthulira pansi pa dengu lawo iwo atatembenuka, n'kuphimba ndi masamba awo abwino. Ndinati palibe amene amapisamo.

Titafika pa shedi tinapeza mlangizi, a Chikopa, akulimbana ndi foni yawo. Ankafuna chithunzi cha mlimi wachitsanzo choti aziphunzitsira alimi atsopano, ndipo anasankha mayi a Esinati. Koma m'shedi munali mdima, foni imangotulutsa mithunzi ngati mizukwa.

Munthu wanzeru akanakhala chete. Ine ndinakhosomola.

"Achimwene, bwezani kachidole kanuko m'thumba. Kujambula kuli ndi eni ake."

Ndinawaimika akazi anga pakhomo, dengu lili pambali pa mwendo. Kamera inangoti tswa, popanda fulashi. Chithunzi chinatuluka chokongola moti azimayi onse anasiya mzere n'kudzandizungulira. Ndinayamba kuchikulitsa pa kagalasi kakumbuyo.

"Onani imvi iyi, mungathe kuiwerenga. Onani dontho la mvula pa duku. Foni ingachite zimenezi?"

"Tatsitsani tione masambawo, madala," anatero a Chikopa. "Ndiwo akufunika."

Ndinatsitsa monyadira. Pamwamba pa dengu panali masamba awiri ndi kansonga, ngati a m'buku. Chala changa chinapitiriza chokha, n'kufika m'mbali mwa dengu. Madengu athu ndi oluka ndi nsungwi, ali ndi timipata. Ndi maso simungaone kanthu m'shedi yamdima ija. Kamera yanga inaona. Pa kampata kena panatulukira kamtengo kofiirira, pambali pake tsamba lakuda, lolimba, lamsinkhu ngati wanga.

"Imani pamenepo," anatero a Chikopa.

"Batire latha," ndinatero.

"Likuonetsa lodzadza."

"Ndi fumbi la pagalasi."

"Fumbi lokhala ndi mfundo, madala?"

Mayi Mulima, amene masamba awo amabwezedwa sabata iliyonse, anasendera pafupi. "Tiyeni tikulitsenso, achimwene. Paja mumati imatola kanthu kalikonse."

Panja lole inali itafika, ikulira. Ndinamva thukuta likutsika mumsana, pa chiperoni. A Chikopa anayang'ana dengu, anayang'ana akazi anga, n'kunena motsitsa mawu, "Amayi, pepani, koma anthu aona. Tikhuthule."

"Khuthulani," anatero mayi a Esinati, osaphethira. "Dengu langa ndimalidziwa."

Mawu amenewo ndi amene anandipha. Akanakayika pang'ono, mwina ndikanapirira.

Anayala thumba pansi. Dengu linapendeka. Kunatsika masamba abwino, abwino, abwino, ndipo ndinayamba kupemphera kuti mwina kamera inanama. Kenako kunagwa ntchito ya manja anga yonse, mulu wakuda wa timitengo, ndi kankhono kamodzi komwe sindikudziwa kanakwera liti.

"Zaka makumi awiri," anatero mayi Mulima, akuuza denga. "Kani nzeru yake ndi imeneyi. Ife timangoika pamwamba, opusa."

Ena anaseka. Akazi anga anangoima, manja ali pachitenje, akuyang'ana muluwo. Sanandiyang'ane n'komwe, ndipo ndinaona kuti sanditchula. Akanalola kubwezedwa pamaso pa anthu onse m'malo moulula mwamuna wawo pagulu.

Ndinavula chipewa.

"A Chikopa, mzere umenewo ndatchola ndine. Ndabisa ndine. Mayiwa sakudziwa kanthu."

"Inu, madala? Kapitawo?"

"Wopuma," ndinatero.

Kuseka kwake kunamveka mpaka kumsewu. A Chikopa anauza dalaivala adikire pang'ono, n'kunena kuti masambawo alandiridwa ngati okhwima onse achotsedwa. Apa mayi a Esinati anatsegula pakamwa.

"Asankhe mwini wake. Bweretsani kuno chinthucho."

Anandivula kamera m'khosi. Ndinagwada pa simenti yonyowa, n'kumasankha tsamba limodzilimodzi, azimayi makumi atatu akundilangiza. "Ilo mwalisiya, akapitawo." Ndili chigwadire ndinamva tswa. Akazi anga ndi munthu amene sanagwirepo kamera chibadwire, koma chithunzi chinatuluka chakuthwa, dazi langa likuwala, kamtengo kali m'manja, zakumbuyo zitasungunuka bwinobwino. Ndicho a Chikopa amaphunzitsira alimi atsopano mpaka lero. Ndiye mukandifunsa ngati kamerayi ndi yabwino, ndinena kuti gulani. Ngakhale wosadziwa amajambula nayo bwino.

Kumunda anandiletsa kutcholanso tiyi, chilango chomwe ndikuchipirira mosadandaula konse. Chondiwawa n'china. Anthu anavomereza kuti mayi a Esinati analibe mlandu, koma kuyambira tsiku lija a Chikopa amapisa dzanja m'dengu lawo ngati la wina aliyense, mpaka pansi. Sapezamo kanthu. Dzanjalo likamalowa, mayi a Esinati sayang'ana mlangizi, sayang'ana sikelo. Amatembenuka n'kuyang'ana ine, ndipo ine ndimayang'ana nsapato zanga mpaka litatuluka.