Mlendo wa m'Chitsime cha Achemwali

Usiku wathawu, anzanga, ndinalota ndatsika basi pa depoti, koma depotiyo inali chitsime cha achemwali anga a Etinala. Chomwe chija cha kumunsi kwa fakitale ya malenikoti. Achemwali ali chilili ndi khanda lawo. Akuti likutuluka m'chikuta, ndiye ine monga malume ndipeze madzi abwino olisambitsa ndi oti iwo amwe, apo ayi ndisadzalinyamule.

Ndiye ndowa inatsokomola. Inati ndisavutike kutunga, m'madzimo muli mlendo. Ndinasuzumira. Madzi oyera mbee. Fungo palibe.

Mwadzidzidzi kunafika akuluakulu awiri oyeza madzi, atavala majasi oyera. Wamtali anawerama, n'kusanduka bakha. Wamfupi anasanduka galu, tayi ili m'khosi. Galu ananunkhiza, n'kuvomera kuti mphuno yake yagonja. Bakha anatunga kadontho ndi mlomo, n'kukalavulira m'makina ooneka ngati wailesi yakale. Makinawo anayasamula kaye. Kenako anati mlendo alimodi, ndi mankhwala aja amachititsa lenikoti kukana mvula, ndipo saola, sakalamba.

Ketulo inadzitama kuti imuwiritsa. Inawira mpaka mawu kusasa. Nthunzi inapita, mlendo anatsala. Kolorini anabwera ndi ukali, n'kupha tizilombo tonse, koma mlendo anangomupatsa moni.

Ndiye ndinapezeka ndili pansi pa chitsime, osanyowa. Mlendo uja wakhala pa mpando, kamunthu koterera, katapinda miyendo. Ndinafunsa mwaulemu kuti akupita liti.

"Inu ndi amene mumachoka pakhomo tiyi ali pamoto," anatero. "Ine ndinaleredwa bwino. Sindichoka pakhomo pa munthu popanda wondiperekeza."

Zinandilowa. Tamukalipira, tamuwiritsa, koma kumuperekeza ayi.

Mwadzidzidzi thumba la makala linatsika lokha pa njinga, likucheukacheuka kuopa a zankhalango. Bakha analiuza kuti likhazike mtima pansi, iye ndi wa madzi, za mitengo sizimukhudza. Makalawo anadzifotokoza kuti si aja ophikira nyemba. Anawotchedwanso pa moto waukulu mpaka kudzaza timabowo, zipinda zokwanira mlendo ndi abale ake onse. Mlendo anaimirira, n'kukonza kolala, n'kukolekana mikono ndi makala. Ndinamunyamulira chikwama mpaka pa mphambano. Galu anapitirira nawo, akuti kukaonetsetsa kuti asakatsikire pa chitsime cha eni ake.

Nditabwerera, makina anayasamulanso, n'kunena kuti mulibe. Achemwali anamwa kapu yonse, n'kundipatsa khanda. Lofunda, lonunkhira sopo. Linandigwira chala, osasiya.

"Koma inu achimwene," anatero achemwali, "wokuperekezani palibe. Tonse tatanganidwa."

Ndinakhala pansi. Basi inaliza hutala. Ndinangoibayibitsa ndi dzanja linalo, ipite.

Ndiye hutalayo inayamba kuchepa, kuchepa, mpaka inangokhala tho, tho, tho. Ndinatsegula maso. Ndili pa mkeka kwa achemwali, kunja kwayera. Ndowa yosefera madzi ndi makala, imene ndinabwera nayo dzulo, ikudonthera m'beseni. Kuchipinda khanda likuyamwa. Chikwama changa chili pa chitseko, chomangamanga monga mwa masiku onse. Ndinachimasula.