Tsiku limene ndinabereka mbuzi

Kodi tsamba la pa intaneti limadziwa bwanji kuti nkhani yake yatha ntchito? Ndinafunsa anthu onse mu chapa, minibasi yochokera ku Kalomwe, aliyense anangoyang'ana pawindo.

Inu, tamverani. Ine ndine munthu wokonzekeratu, ambulera ndimanyamula mu Outubro, mvula isanayambe. Mkazi wanga Hortência ali woyembekezera, ndinapempha msuweni wanga Márcio, wokonza matelefoni ku Ulongwe, andipangire tsamba louza abale a ku Dedza ndi ku Tete. Poopa kudzasokonezeka pa tsikulo, ndinalemberatu kuti kwabadwa mnyamata, Arcanjo. Amayi onse a kumsika anali atandilonjeza mnyamata.

Kunabadwa mtsikana, Rufina.

Ndinathamangira pa komputadori ya Márcio, nkukonza. Potsegula pa telefoni, Arcanjo. Nkukonzanso, Arcanjo yemweyo. Apongozi, poona tsamba likunenabe za mnyamata, anatumiza mawu kuti ngati mdzukulu wawo akundichititsa manyazi, akubwera kudzamutenga pamodzi ndi mayi ake.

Márcio anandifotokozera akutafuna chimanga kuti makinawo ndi aulesi. Amasunga tsamba lophikaphika nkumagawira aliyense wobwera, ndipo amaphikanso pokhapokha deti la zimene wakonza likakhala latsopano kuposa la chosungidwacho.

"Nanga si ndakonza lero, asuweni?"

"Lero lanu. Kapilya, kabatire kosunga nthawi, kanafa. Magetsi akathima, komputadoriyi imadzuka mu 2009. Zanuzo ikuti nzakale."

Sindinakhulupirire. Iye atatuluka ndinati ndiyese ndekha, poti palibe chimasintha. Ndinalemba kuti kwathu kwa a Cassimiro kwabadwa mbuzi, mayi ndi mwana ali bwino. Telefoni inati Arcanjo. Ndinapita kukagula sopo wa matewera mtima uli m'malo.

Akuluakulu akanadziwa makina akanati wosamala kwambiri amadzikumbira yekha dzenje. Márcio, pondimvera chisoni, anakonza deti, nkusunganso zimene anazipeza, osawerenga nkomwe. Makina aulesi aja anaphika bwino lomwe. Kenaka magetsi anathima, tinabwerera mu 2009, mbuzi nkukhazikika. Chiyambire, tikangokonza deti, magetsi amathimanso tisanasunge. Malo ofufutira chosungidwacho Márcio akuwafunabe.

Apongozi anafika m'mawa, osapereka moni. Anamuvundukula Rufina, namuyang'ana mapazi, kenaka anayang'ana ine.

"Mbuziyo ndaiona," anatero. "Si iyi."

Andiuza kuti tsamba likapanda kusintha pofika ubatizo wa Lamulungu, mwana akukabatizidwira kwawo. Ndiye chonde, wina mwa inu ngati akutsikira ku Tete, andigulireko kapilya kaja. Nkozungulira, kofanana ndi batani la malaya.