Ndinatuluka Ndisanaukhudze Mpira

Anthu akamadandaula kuti timu yathu ya kiriketi yagonjanso kunja, ine ndimangoti zii. Chifukwa chake ndimachidziwa, koma kuti ndichifotokoze ndiyenera kuyamba ndadziyalutsa ndekha. Chabwino, lero ndidziyalutse.

Kiriketi ndinaiphunzira ku pulayimale kwathu ku Ulongwe. Aphunzitsi athu a Maulidi anaiona ali ku koleji, nabwera nayo kumudzi. Chomenyera anatisemera mmisiri wa zitseko, mpira unali wa tenesi wokulunga tepi, ndipo timitengo titatu timene womenya amateteza tinkazula pa mpanda wa sukulu. Zaka zinayi ndinasewera pa bwalo la miyala. Aphunzitsi ankati ndili ndi diso lakuthwa. (Ndikulemba izi nditazyolika, kudzitama sindinakule nako.)

Tsiku lina a Maulidi anabwera kunyumba ndi uthenga wakuti akuluakulu a masewerawa akubwera ku Balaka kudzasankha anthu opita ku kampu ku Blantyre, komwe amatengako osewera a timu ya dziko. Malo analipo awiri okha. Iwo sakanatha kundiperekeza chifukwa ankayang'anira mayeso. Mayi, pondipatsa chinangwa cha paulendo, anandilangiza chinthu chimodzi: ndikakhale ndi ulemu, anthu a m'tauni asakanene kuti ku Ulongwe sitilera ana.

Ndinafika m'mamawa. Ndinapereka moni wa manja awiri kwa aliyense, ngakhale kwa bambo wogulitsa mafirizesi (ndinkayesa ndi mmodzi wa osankha, poti anavala chipewa choyera). Anatigawa matimu awiri. Zotchingira miyendo zinali zoperewera, ndiye wina akatuluka ankavula, wotsatira n'kuvala thukuta la mnzake.

Kwa inu amene simuidziwa kiriketi, omenya amakhala awiri, wina uku wina uko, aliyense pa mzere wake. Mpira ukamenyedwa amathamanga kusinthana malo, ndipo kusinthanako ndiye chigoli. Koma adani akagwetsa timitengo iwe usanafike pa mzere, watuluka, palibenso mwayi wina. Ndiye mnzako akakuitana kuti muthamange iwe n'kuona kuti sizitheka, umakuwa kuti iyayi. Aphunzitsi anatiphunzitsa zimenezi kambirimbiri. Chimene sanatiphunzitse n'chakuti umatani wokuitanayo akakhala munthu wa imvi.

Nthawi yanga itakwana, ndinapeza tsidya linalo kuli a Gomani. Awa anali bambo a msinkhu wa amalume anga, a mimba yawo ndithu. Anyamata ankanong'onezana kuti ndi alamu awo a mkulu wosankha, ndipo kampu iliyonse samasowako. Ndinawaweramira pang'ono. Sanandiyang'ane.

Omenya anali iwo. Mpira woyamba anaugunda pang'ono, unagubuduka kupita kwa mnyamata wa adani amene anaima chapafupi. Ngakhale mwana wa sitandade wani akanaona kuti apa palibe chothamangira. Koma a Gomani anakuwa kuti tiye, nayamba kubwera, mimba patsogolo. Iyayi uja sindinamukuwe. Kwathu munthu wamkulu sumukana mokuwa pagulu. Umayamba ndi pepani, n'kuzungulira kaye. Ndinayambadi ndi pepani, koma ndisanamalize kuzungulira iwo anali atafika. Tinaima awiri pa mzere umodzi.

Lamulo lake ndi losavuta: amene sanachoke pa mzere wake ndiye wapulumuka. Ine sindinasunthe, choncho woyenera kutuluka anali iwo. Mwatsoka, mnyamata uja anaponya mophonya, mpira n'kupita patali, ndipo panapezeka kanthawi kokambirana.

"Ukudikira chiyani, mwana iwe? Choka apa," anatero ali wefuwefu.

"Pepani bambo, koma malamulo amati..."

"Malamulo uwadziwe ndiwe? Ulibe makolo kwanu?"

Ndinachoka. Sindinathamange n'komwe. Ndinangotsika pa mzere monga timawasiyira akuluakulu mpando mu minibasi, ndipo ndikukumbukira bwino kuti ndinati, "Khalani, bambo." Timitengo ta tsidya lija tinagwa, woimbira anakweza chala kuti wotuluka ndi ine. Bwalo lonse linafa ndi phwete. Wina anandifunsa ngati ndabwera kudzasewera kapena kudzafunsira mwana wa a Gomani.

Zaka zinayi za pa miyala, ndipo mpira weniweni sindinaukhudze. A Gomaniwo anatuluka pa mpira wotsatira umene anawaponyera, ataphonya ngati munthu wothamangitsa ntchentche.

Dzuwa litapendeka, mkulu wosankha anawerenga mayina. Loyamba linali la a Gomani, chifukwa akuti timu imafuna anthu amene aona zambiri. Lachiwiri la mnyamata wa sukulu yolipira ya ku Liwonde amene anabwera ndi chomenyera chakechake. Ndinalimba mtima, ndinapita manja kumbuyo n'kupempha kuti andiponyereko mipira itatu yokha, andione. Mkuluyo anandigwira paphewa, nati ndine mwana woleredwa bwino, ana otere akusowa masiku ano, ndidzayesenso chaka chamawa. Chaka chamawacho sanabwere, ngakhale chinzakecho. Pano ndimagulitsa tomato ndi amalume m'mbali mwa msewu, ndipo a Maulidi akamadutsa ndimabisala kuseri kwa madengu.

Ndiye mukamamva kuti timu yagonja, musamati Amalawi sitidziwa kumenya mpira. Odziwa alipo, kuyambira ku Nkaya mpaka ku Chiuta. Kungoti pali akuluakulu amene safuna kuchoka pa mzere, ndipo pali ife amene tinaleredwa kuti tiziwachokera. Sindidziwa kuti ndikwiyire ndani kwambiri.

Ndikanakonda kukuuzani kuti ndinatolapo nzeru. Koma tsiku lomwelo potuluka pa bwalo, a Gomani anandikodola nandilozera chikwama chawo cha zosewerera. Ndinachisenza mpaka ku depoti, ndipo atachilandira, amene anati zikomo ndi ine.