Mapulogalamu a Ukwati wa Estere

Lolemba

Ukwati wa mwana wanga Estere ndi Loweruka lino. Akuchimuna akuti ife Mabhurandaya, monga amatitchulira obwera kudzagwira ntchito m'dziko lino, timachita zinthu mwachisawawa. Ndiwaonetsa! Mlendo aliyense alandira pulogalamu yosindikiza. Makina osindikizira alipo kuntchito ku Workington, ndipo amene amawapukuta fumbi ndine. Pulani yanga:

bwana akapita kukadya masana,
chitseko chotseka,
palibe woona, palibe womva.

Lachiwiri

Mai Dube otaipa makalata andilembera mobisa sitensulo, pepala loika m'makina osindikizira. Amanditcha Sekuru, ndiye kuti agogo. Akuti, "Sekuru, mukagwidwa ine sindikudziwani." Zaka zonsezi ndikuwaphikira tiyi! Bwana lero sakutuluka. Wabwera ndi masangweji. Munthu wa galimoto yakeyake, masangweji!

Lachitatu

Bwana watuluka. Ndikupukusa makina, akulira ngati chigayo. Akamasindikiza za kampani salira chonchi ayi. Ndikuwafunditsa jekete kuti akhale chete. Ameza mkono wa jekete. Jekete la ukwati, limene ndangolitenga kwa telala m'mawa uno! Inki mpaka m'thumba.

Lachinayi

Atuluka mapulogalamu, koma inki ya masiku ano a masankishoni, pamene mayiko akunja akukana malonda ndi dziko lino, ndi madzi enieni. Mawu ena akuoneka, ena ayi. Mlonda wandipeza ndikulowetsa mapepala m'malaya. Akunditsinzinira diso ngati ndine mmodzi wa omenyera ufulu, akunong'ona, "Pamberi, komuredi." Ine komuredi? Dikoni wa mpingo!

Lachisanu

Basi ya kwathu ku Kambuzuma yaimitsidwa panjira. Apolisi akusecha aliyense. Mapepala ali m'manja mwa sajeni, amene anakulira pafamu ndipo Chinyanja amachimva mwapatalipatali. Mzere wanga umati "Kuwombera m'manja akuluakulu." Mawu akuti "m'manja" inki sinagwire.

Sajeni akukuwa, "Akuluakulu ati? Mfuti ili kuti?"

Pansi pake, "Kudula keke" kwatsala "Kudula" basi. Ndikuwomba m'manja kuti aone chimene ndikunena. Akundimanga maunyolo pomwepo. Mwana wa aneba anatengedwa chifukwa cha mapepala, mpaka pano sanabwere. Estere amulowetsa m'tchalitchi ndani?

Loweruka

Abusa afika kupolisi m'mawa, kolala ili m'khosi, alankhula mpaka thukuta. Sajeni akuti akhulupirira akadzionera yekha. Mapepala akuti ndi umboni, atsala komweko, iye watengapo limodzi.

Ndiye ndikulowetsa mwana wanga m'tchalitchi ndi jekete lobwereka, la mikono yolekeza m'zigongono, wapolisi ali pambuyo panga. Kumadyerero amukhazika kutsogolo. Wadya nkhuku, wawonjezera mpunga, wavina ndi mlamu wanga. Akuluakulu ataimirira anthu awomba m'manja, iye wandiyang'ana, wagwedeza mutu, wapitiriza kutafuna. Kupepesa ayi! Akuchimuna akunong'onezana kuti ndamuitana dala kuti ndiwaopseze.

Lamulungu

Bwana watumiza uthenga: mawa ndikaonane naye ndisanayike ketulo pamoto. Mkazi wanga sakundilankhula. Estere akuti ukwati unali wokoma, ndipo palibe mlendo ndi mmodzi yemwe amene anafunsa za pulogalamu. Woyendetsa mwambo ankangokuwa chotsatira, anthu n'kumamva bwinobwino.

Munthu yekhayo amene anali ndi pulogalamu yanga anali sajeni. Ponyamuka anandiitanira pambali, naloza papepala, nati keke tadula akuchimuna asanalankhule.

Ndaganizira bwino usana wonse. Akunena zoona, tinasemphanitsa.