A Bulangete ndi Nkhope ya Akazi Awo

Munthu wosankha mapepala otsukirapo zithunzi atafunda bulangete, dzuwa likuswa mtengo, ndinamuona mmodzi yekha, ndipo tamuika m'manda mwezi wathawu. Tonse mumsewu muno tinkangoti a Bulangete.

Ine ndimagulitsa zipangizo za ojambula. Mapepala amenewa akangoona kuwala, basi aonongeka, ndiye bokosi sititsegula. Koma iwo ankati sangagule chinthu osachigwira. Akalowa, bokosi m'manja, bulangete kumutu, n'kukhala pansi pakati penipeni pa shopu, kutsegulira bokosilo mumdima wa m'bulangetemo. Makasitomala kumachita kuwalambalala.

"Mayi, ili laterera kwambiri!" mawu akuchokera m'bulangetemo. "Nkhope idzaoneka ngati yadzola mafuta ophikira."

"Tengani losanyezimiralo, bambo."

"Ilo ayi! Munthu amatuwa ngati wodwala."

"Nanga mukufuna lotani?"

"Ndikaligwira ndilidziwa."

Abale inu, mutu unkandiwawa.

Gwero la zonsezi linali kafilimu kamodzi, kakang'ono ngati chikhadabo, ka malemu akazi awo. Chithunzi china cha mayiwo panalibe. Akakatsuka, nkhope inkatuluka yosaoneka bwino, ndipo iwo ankaopa kuti ayamba kuiiwala. Poyamba mlandu unagwera mapepala anga. Kenako unagwera makina awo okulitsira zithunzi.

Atamva kuti mkazi wamasiye wa wojambula wina akugulitsa makina akale, anandikoka kuti ndikakhale mboni. Titafika, makinawo anawazungulira kasanu, kuwanunkhiza, kuwagogoda, kuuzira mpweya pagalasi, kupukuta ndi tayi.

"Amuna anu ankasuta?"

"Ayi, bambo."

"Nanga ankamwa? Taonani, mutu wa makinawa ukugwa wokha."

Zoonadi, mutuwo unkatsika pang'onopang'ono ngati munthu wosinza. Anavula lamba wawo n'kuumanga. Galimoto anaikana, ati mabampu asokoneza galasi. Tinabwerera wapansi, iwo atasenza makina, dzanja lina litagwira thalauza, ine kumbuyo ndikuyenda ngati sindikuwadziwa.

Sabata yathunthu sanakhale pansi. Kutsuka, kung'amba, kuthamangira kwa ine, kubwerera, kung'ambanso. Lachisanu m'mawa anandiitanira m'chipinda chawo chamdima, muja muli getsi lofiira ndi fungo la mankhwala. Pepala lalikulu linali m'mbale yamadzi. Mpando umene malemu akazi awo anakhalira unaoneka mpaka misomali yake, maluwa a padiresi onse owerengeka. Nkhope yokha ndiyo inali ngati utsi.

Anayang'ana nthawi yaitali. Aka kanali koyamba kuwaona ataima malo amodzi.

"Si pepala," anatero. "Si makinanso. Akazi anga anagwedeza mutu ndikuwajambula. Ndinawauza kuti asaseke, iwo n'kuseka."

Anayamba kuseka nawonso, kenako misozi. Ine ndinasowa poyang'ana. Chithunzicho anachiyanika, n'kuchipachika pakhoma mmene chinalilimo.

Masiku ano anthu amalowa, kugula, kutuluka. Palibe wondikwiyitsa, ndipo tsiku limachedwa kutha. Ndimangokhalira kusuzumira pakhomo popanda chifukwa. Ndimawasowa, ndisaname.

Dzana mwana wawo wamkulu anabwera nacho chithunzicho, ati wamva kuti pakompyuta tingakonze nkhope ya mayi ake kuti ioneke bwinobwino.

"Tingathe, achimwene," ndinatero. "Koma tikatero asiya kuseka."

Anachiyang'ana, anachikulunga, n'kubwerera nacho kunyumba.